Mawere Anu ndi Vinyu wa Achimwene

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Nakonso kumagwa chisanu? Ndikufunsa chifukwa kuno chaka chino chatikhaulitsa. Masamba a nthochi kudimba kwanu apserera ngati wina anadutsitsapo moto, ndipo ine mwana wanu wophunzira, amene ndinawoloka nyanja yamchere n'kubwerako ndi dipuloma, ndimapita kukaphunzitsa nditadzikulunga m'gombeza ngati wodwala malungo. Ana a shikola amaseka. Ndimawasiya aseke, mwina angatenthedweko. Mupereke moni kwa abambo, ngati masiku ano mukuyankhulana.

Ndiyambe ndi zabwino, kuti pofika pa zopusa mtima wanu ukhale utakhazikika. Mlongo wanga Roza wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha Marita, dzina lanu laubatizo. Akamakana bere amatukula chibwano n'kuyang'ana kumbali, ndendende mmene munkachitira wina akakupatsani mowa wake kuti mulawe, musananene mawu anu aja akuti, “Chimera chachepa.” Chimanga chachita bwino mpaka alamu, amuna ake a Roza, amanga nkhokwe ina. Nyemba zokha ndiye zinaola ndi mvula yomaliza ija. Kachewere wabereka kwambiri, anyamata a njinga akumukankha kupita naye ku Kalomwe, ndipo Angelezi a ku Dedza akudya thukuta la m'munda mwanu osadziwa n'dzina lanu lomwe. Udzu wa nyumba yanu unayamba kudontha mbali ya kumpoto, tafolera wina. Mbuzi yanu yamawanga, yakuba ija, ikadali moyo. Mwezi watha inadya chipewa cha katekisita. Palibe amene ali ndi mtima woipha, poti chichokereni inu ndi yokhayo yotsala pamudzi pano imene siopa munthu.

Tsopano nkhani imene ndakhalira pansi.

Mukukumbukira mawere aja munalima kuseri kwa nyumba dzinja lanu lomaliza? Tinakuletsani, chifuwa chinali chitakugwirani kale, koma munapalira nokha, munadula nokha, munawathira mumphika, munaumata pakamwa ndi dothi, n'kutiuza kuti tiukweze kutsindwi. Munatiitana tonse atatu, achimwene a Fulujensiyo, ine ndi Roza, ndipo munati: “Awa si a phala la ana. Awa ndi anga. Ndikadzatha chaka ndili m'manda mudzandifululire mowa wa bona, wondikumbukira. Iwe Fulujensiyo, poti ndiwe wachisamba, udzandithirire chipanda choyamba pakhomo panga. Ndamwetsa anthu moyo wanga wonse. Ndisakakhale ndi ludzu pakati pa anthu amene anafa atakhuta mowa wanga.” Tonse tinavomera. Achimwene anavomera mokweza kuposa tonse, chifukwa kuvomera mokweza ndiyo ntchito imene amadyera.

Koma chitsikireni inu m'manda, mwana wanu wachisamba wagwidwa ndi matenda atsopano. Akufuna alivara, pepala lija lonena kuti munthu wakuda uyu tsopano ndi Mpwitikizi. Kuti ulilandire uyenera kudyera pameza, tebulo la azungu, ndi galufu wobayira nyama m'manja, kuyankhula Chipwitikizi ngakhale pothamangitsa galu, kusiya zonse za kumudzi, ndiponso kupeza mzungu wokuikira umboni kuti unazisiyadi. Musandifunse chifukwa chake boma limakhulupirira kachitsulo kobayira nyama kuposa munthu. Ndinawerenga malamulo awo zaka zambiri ku Lisiboa, sindinapezemo yankho. Langa ndinalandira pamodzi ndi dipuloma, limagona m'bokosi, ndipo mpaka lero silinandiyeretse ngakhale chikhadabo. Achimwene ali nacho chifukwa, sindiwanamizira. Ndi pepalalo ana awo angalowe shikola ya ana a azungu, ndipo iwo angakwereko pa ulembi wawo wa ku posito, ofesi ya boma ija. Chifukwacho n'chabwino. Koma zimene akuchita nacho n'zimene zingakudzutseni m'mandamo.

Anayamba ndi kafe. Mukanaona, Amayi. Alamu anga, akazi a achimwene, amene masiku ano sayankha ukapanda kuwatchula Dona Ameliya, amamuthira m'tizikho tonga chigoba cha dzira la nkhunda. Mlendo wayenda wapansi kuchokera ku Lifidzi, fumbi mpaka m'mawondo, kukhosi kuli gwa, iwo n'kumupatsa timadzi takuda towawa tosakwana kunyowetsa lilime, kenako amamuyang'ana kudikira kuti athokoze. Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Sesiliya, atalandira anameza kamodzi, anatsinzina, n'kufunsa kuti mankhwalawo ndi a matenda anji ndipo adzamwenso liti.

Kenako kunabwera seleveja, mowa wa m'botolo uja. Umafika pa lole kuchokera ku Tete utaphikidwa ndi dzuwa njira yonse. Ukautsegula theka limathawira pamalaya, theka lotsala limakoma ngati madzi amene munkatsukira mbiya. Ndipo Lamlungu lina achimwene anandiitana kuti ndikalawe chimene iwo amati chakumwa cha anthu otsogola: vinyu wosakaniza ndi gazoza, madzi a thovu a m'botolo aja, ndi shuga, ndi kachidutswa ka ndimu kokhomedwa pamlomo pa kopo ngati nthenga pachipewa. Aliyense kopo yake, aliyense ataifumbata ngati wina amulanda. Anandifunsa kuti, “Si mmene amamwera ku Lisiboa, Inasiyo?” Ine ndinati, “Ndi mmenemu ndithu, achimwene. M'zipatala.” Sanaseke. Chiyambireni kuvala galavata, tayi wa pakhosi uja, saseka, mwina imafinya pamene kuseka kumadzera.

Inu mukudziwa kuti vinyu sindidana naye. Ku Lisiboa ndinamwa wabwino, wa mphesa zenizeni, ndi anzanga a ku univesidade, ana a alimi osauka amene ankabwera naye kuchokera kumidzi yawo m'thumba lachikopa n'kumalandizana ngati ife ndi chipanda. Ameneyo ndimamulemekeza. Ndinamwakonso zosakanizasakaniza za m'mahotela, zozizira mpaka mano kuwawa, muli kachipatso kobiriwira kobayidwa ndi kamtengo, kamene mpaka lero sindidziwa ngati n'kodya kapena kanangogweramo. Nditabwerako ndinakufotokozerani zonsezi modzitama, inu muli chikunthire mowa pansi pa mtengo wa mapichesi, osadzutsa mutu. Nditamaliza munangofunsa funso limodzi: “Nanga mwini wake amayamba walawa?” Ndinati ayi. Munati, “Ndiye wapulumuka, mwana wanga.” N'kundipatsa thobwa, poti munkadziwa kuti dipuloma kapena ayi, chimene ndimakonda n'chimenecho, lotentherako, lotungidwa mowa usanayambe kuluma.

Lamulo lanu linali limenelo, ndipo ndi la mudzi wonse. Wofulula amagwada, amamwa poyamba anthu akuona, kenako chipanda chimazungulira, milomo yonse pamalo amodzi, wa ng'ombe zambiri ndi wopanda nkhuku yomwe. Ngakhale padiri munkamuyeza ndi muyeso womwewo. Pochoka ku Misa munkati, “Bamboyu analeredwa bwino, amayamba walawa yekha. Kungoti ndi woumira, amamaliza chonse.”

Tsono vinyu wa ku kantina, sitolo ya mzungu uja Senyolo Abiliyo, si vinyu, Amayi. Amafika m'migolo, ndipo kuseri kwa kantina amabatizidwa ndi madzi a pachitsime mobwerezabwereza, kuposa mmene mpingo umalolera. Kenako amamuthira zina zoyabwa kuti azilumabe kukhosi. Amagulitsidwa pazenera la kumbali, la ife anthu akuda. Wa azungu amakhala m'kati, m'mabotolo otsekedwa bwino. Ndipo mzungu yekhayo amene anavomera kuikira achimwene umboni ndi Abiliyo yemweyo, poti achimwene ndiwo amamuthera migolo.

Nthawi ya bona itayandikira, achimwene anatiitana kwawo n'kutikhazika pamipando. Anayamba m'Chipwitikizi, koma ataona kuti Roza akungoyamwitsa mwana osamva kanthu, anatsikira m'chinenero chathu ngati munthu wa nsapato zatsopano wotsikira m'matope.

“Chikumbutso cha amayi chichitika mwaulemu,” anatero. “Misa m'mawa, kenako vinyu pameza. Senyolo Abiliyo abwera kudzaona ndi maso awo. Sindifuna mbiya, sindifuna chipanda, sindifuna munthu wothira zinthu pansi.”

Roza anati, “Nanga mawere a amayi, achimwene?”

Anayankha ndi Dona Ameliya. “Nkhunda zanga zimawakonda.”

Nkhunda, Amayi! Mawere amene munapalira mukutsokomola mpaka kugwira khasu ngati ndodo. Ine ndinaimirira. Ndinatchula malamulo a Aroma, ndinatchula lamulo lachinayi la Mulungu, ndinati ngakhale mbala zimene ndinaziwerenga m'mabuku sizinalandepo wakufa chakumwa chake kuti zidyetse mbalame. Ndinayankhula bwino kwambiri, ndikanakonda mukanamva. Achimwene anadikira kuti ndimalize, n'kunena motsitsa kuti, “Iwe pepala uli nalo kale. Ana ako adzalowera khomo lakutsogolo. Anga adzalowera pati?” Ndinakhala pansi.

Roza anabereka mwana kumsana n'kupita kwawo. Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, anakwera pamtondo, anatsitsa mphika uja, n'kuusenza kudutsa pakati pa mudzi, mwana ali kumsana, kupita nawo kwa amayi aang'ono. Mudzi wonse unaona, ndipo mudzi wonse unaiwala pomwepo. Mawere ananyikidwa, anamera, anayanikidwa, anaperedwa. Mowa unafululidwa kuseri kwa khola la amayi aang'ono, mumbiya yanu yakuda ija yosweka mlomo. Ntchito yanga inali kutola nkhuni ndi kutseka pakamwa, ndipo yachiwiriyo ndiyo inandivuta. Utayamba kuwira, fungo linafika mpaka kumsewu. Achimwene ankadutsa pomwepo m'mawa uliwonse popita ku posito, mphuno ili m'mwamba, osamva kanthu. Ndaphunzira kuti mphuno nayo imagontha mwini wake akafuna.

Tsiku linafika. Misa tinakamvera ku Fonte Boa, dzina lanu linatchulidwa bwino, ndipo tinabwerera wapansi gulu lalikulu, ena ochokera ku Lifidzi amene akukumbukirabe mowa umene munafulula pa ukwati wa Roza. Pakhomo panu tinapeza meza itayalidwa nsalu yoyera pansi pa mtengo wa mapichesi, pomwe paja munkakunthira. Pamezapo panali magalafau, zimabotolo zija zovekedwa dengu, ndi makopo obwereka m'nyumba zonse za alembi anzawo. Achimwene anali m'kazako wakuda, jekete la Chipwitikizi lija, ndi galavata, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Abiliyo anafika pa njinga yamoto, anapatsidwa mpando wabwino wokhawo, n'kukhala atatambasula miyendo ngati wabwera kudzagula mudzi.

Achimwene anayankhula za inu m'Chipwitikizi. Anati munali Dona Marita, mayi wotsogola, wodana ndi zonse za mumdima. Anthu anawomba m'manja chifukwa sanamve. Ine ndinamva, ndiye manja ndinawapisa m'thumba. Kenako vinyu anathiridwa, makopo anagawidwa kwa akuluakulu, ndipo achimwene anakweza yawo m'mwamba n'kufuula mawu aja ofunirana thanzi, pamwambo wa munthu amene anafa ndi chifuwa.

Palibe amene anamwa. Madoda onse anangogwira makopo ndi manja awiri, kudikira. Sankanyoza, Amayi, ankachita ulemu monga munawazoloweretsa. Achimwene anakwezanso kopo. Zii.

Ndiye mng'ono wanu anadzuka pamphasa, n'kukonza nsalu yake.

“Fulujensiyo mwana wanga, wafulula ndani mowawu?”

“Si mowa, amayi, ndi vinyu. Wachokera ku Putugale pa chombo.”

“Chabwino, wofululayo ali kutali. Nanga anausunga ndani kufikira lero?”

Achimwene analoza Abiliyo ndi dzanja lonse, monyadira.

“Eyaa, ndiye mwini wake alipo,” anatero amayi aang'ono. “Tikanalakwa.”

Anatenga kopo yodzaza pameza, anayenda chowerama, anagwada pamaso pa mzunguyo, n'kumupatsa ndi manja awiri. Ulemu umenewo sanaulandirepo chifikireni m'dziko muno, ndipo sindikhulupirira kuti akuufunanso. Atagwada choncho anandiitana: “Inasiyo, tamuuza bwanayu m'chinenero chake kuti tikudikira iye. Ayambe, ife titsatire.”

Amayi, kuzizidwa konse kumene ndinazizidwa ku Lisiboa kunapindula tsiku limenelo. Ndinamasulira m'Chipwitikizi chosalala, cha m'mabuku, chimene Abiliyo sanachimvepo ngakhale kwawo. Ndinati mwambo wa kuno umapatsa mwini chakumwa ulemu woyamba kulawa, ndipo anthu onse awa sangayerekeze kumutsogolera.

Abiliyo anayang'ana m'kopomo ngati muli chule. Anaseka. Anati m'mimba mwake simuli bwino, dotolo anamuletsa. Amayi aang'ono sanasunthe, manja ali chitambasulire. Abiliyo anati ayambe wadya kaye. Sanasunthe. Mawondo awo mukuwadziwa, amatha kugwada Misa yonse ya Pasaka osadandaula. Potsiriza amene anatopa ndi mzunguyo, ndipo anayankhula m'Chinyanja chake cha pazenera chija, mokweza kuti onse amve:

“Uyu vinyu wa inu. Ine kumwa uyu iyayi.”

Sipanafunikenso womasulira. Mdala wina wa ku Lifidzi anaika kopo yake pansi pang'onopang'ono, n'kuikankhira kutali ndi chala cha kuphazi. Woyandikana naye anachita chimodzimodzi. Makopo onse anatsika, popanda wonena liwu loipa. Achimwene analanda kopo ija m'manja mwa amayi aang'ono.

“Ndagula ndine! Mwini wake ndine!”

Anagugudiza yonse, anathiranso ina, anagugudiza. Maso anafiira, khosi linatupa pamwamba pa galavata. Anayang'ana madoda aja kuti tsopano amwe.

“Pepa mwana wanga,” anatero amayi aang'ono. “Tidikireko pang'ono, tione ngati ugwe.”

Pamene izi zinkachitika, Abiliyo anatulutsa kabotolo kake m'thumba n'kumwa bwinobwino. M'mimba munali mutachira.

Apa m'pamene Roza anatulukira kuseri kwa nyumba ndi amayi ena, atanyamula mbiya yanu. Anaitula pakhomo panu penipeni, thovu likusefukira pamlomo wosweka paja. Anagwada, anatunga, anamwa onse akuona, anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anatunganso chipanda chodzaza, n'kupita nacho kwa achimwene. Sanachulutse mawu.

“Achimwene, amayi ali ndi ludzu.”

Ndikuuzeni zoona, sindinayembekezere kanthu. Ndinali nditakonza kale m'mutu mawu onyoza amene ndikanakulemberani m'kalata ino, ndipo anali abwino, mwaphonya. Achimwene anayang'ana Abiliyo. Abiliyo anawayang'ana atapendeketsa mutu, ngati akuti tiyeni tione. Panalibe amene sankadziwa kuti mowawo ukangokhudza dothi mzunguyo akuona, umboni wapita, pepala lapita, shikola ya ana yapita. Mwana Marita kumsana kwa Roza anayamba kulira. Dona Ameliya ananong'oneza zina m'Chipwitikizi, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chino amuna awo sanamve chinenerocho.

Achimwene anaika kopo pameza. Anavula chipewa. Analandira chipanda ndi manja awiri, anapita pakhomo panu, anagwada m'fumbi ndi buluku lawo la ku Misa, ndipo anathira. Mawu anawatuluka m'chinenero chimene munawayamwitsa nacho.

“Amayi, ndine Fulujensiyo. Ndachedwa. Imwani.”

Njinga yamoto inalira iwo asanadzuke n'komwe. Palibe amene anatembenuka, kupatula mbuzi yanu.

Kodi munalandira? Dothi linamwa msanga kwambiri. Amayi aang'ono akuti zikusonyeza kuti ludzu linakukwanani. Ine monga munthu wophunzira ndikuti mvula inasiya kale, pansi panali pouma. Koma maganizo amenewa sindinawanene mokweza.

Kenako chipanda chinazungulira. Unali mowa, Amayi. Wofiirira, wolemera, wotsekemera polowa, woluma pofika pachifuwa, wonunkhira utsi wa kutsindwi kwanu kumene mawerewo anagona chaka chonse. Madoda amene anakankha makopo ndi zala anayamba kuyimba chipanda chisanabwerere kumbiya. Nsalu yoyera ya pameza inatha ngati chopukutira m'manja. Chipanda chitafika kwa achimwene, anamwa nthawi yaitali, anachitsitsa, anatukula chibwano, n'kuyang'ana kumbali.

“Roza,” anatero, “chimera chachepa.”

Mawu anu enieni, ndi chibwano chanu chomwe. Roza analira ndi kuseka nthawi imodzi mpaka mwana anadabwa n'kutonthola. Ndipo kunena zoona chimera sichinachepe, monganso sichinkachepa nthawi zonse zimene munkanena inu.

Musaganize kuti mwana wanu wachira matenda ake. Galavata akuvalabe. Kafe wa m'zigoba za mazira akadalipo. Dona Ameliya sakundiyankhula, ndipo ndazilandira ngati mphatso. Abiliyo wakana umboni, akuuza anthu kuti achimwene akadali munthu wa m'tchire. Taganizani, munthu woopa kumeza chimene amagulitsa ndiye waikidwa kuyeza kutsogola kwa anzake, ndipo boma limamvera iye. Vinyu wotsala palibe anamufuna. Amuna ake a Roza anayesa kutsukira chilonda cha ng'ombe, ng'ombeyo inawamenya theche.

Za pepala achimwene sanenanso. Koma dzana ndinawapeza ataima pakhomo pawo m'mawa, akuyang'ana ana awo akutsika njira yopita ku shikola yathu ya ana akuda, ndipo nkhope yawo sindinaikonde. Ndinali ndi nthabwala yokonzeka. Ndinaimeza. Inawawa kuposa kafe wawo. Mowa wanu munaumwa, Amayi, koma amene analipira ndi iwo, osati ine wa pakamwa.

Ndiye ndikulonjezeni ziwiri. Ana a achimwene azibwera kwa ine akaweruka, ndipo zonse zimene ndinakatenga kutsidya kwa nyanja ndizithira m'mitu mwawo mpaka adzalembe mayeso omwewo a ana a azungu. Khomo lakutsogolo likadzakana, tidzagogodabe mpaka eni ake atope monga anatopera Abiliyo. Chachiwiri, Roza anabisa mawere odzaza dzanja asananyike enawo. Mvula ikagwa ndidzawafesa kuseri kwa nyumba yanu, ndekha, ndi manja anga ofewa a choko amene munkawaseka. Achimwene ndawauza kuti adzapalira ndi iwo. Afunsa ngati angabwere ndi galavata. Ndati abwere nayo, tidzamangira mbuzi.

Gonani bwino, Amayi. Abambo muwagawireko pang'ono, koma muyambe mwalawa ndinu.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamwano uja,
Inasiyo